Tsiku Limene Wozula Anazulidwa

Anzake a chesi ankamutchula Wozula. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito yake, poti anali dokotala wa mano, koma linakhazikika chifukwa cha kaseweredwe kake. Munthuyu sankathamangira kupha mfumu ya mnzake ayi. Ankayamba wapeza kamsilikali kamodzi kofooka, n'kumakagwedeza, kukagwedezanso, mpaka kazuke. Kenako kena. Pofika kumapeto mnzakeyo ankangozindikira kuti watsala ndi usinini wokhawokha, n'kupereka dzanja.

Chaka chimenecho anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo pa mndandanda wa osewera anali ndi mapointi 2140. Pa mpikisano wa masiku atatu umene unkachitikira mu holo ya sukulu ina ya sekondale, omuposa analipo awiri okha. Unali mpikisano wa aliyense: maloya, apolisi a pa tchuthi, aphunzitsi, oyendetsa mathiraki, onse atakhala pa matebulo makumi anayi pansi pa mafani ozungulira mwaulesi. Mafoni ankasiyidwa m'katoni pakhomo. Masewera akayamba, m'holomo munkangomveka kukhosomola, kulira kwa mipando, ndi tha! tha! wa mawotchi.

M'ndime zinayi zoyamba Wozula anapambana katatu n'kufanana mphamvu kamodzi. M'mawa wa tsiku lomaliza anapeza anthu ataunjikana pa chitseko pamene anamatapo pepala losonyeza wosewera ndi mnzake. Iye anamuika pa tebulo lachiwiri, zidole zakuda, ndipo wokumana naye anali wa mapointi 1870. Mtima unakhala pansi.

"Achimwene, musamwetulire msanga," anatero Wamagetsi, mnzake wa kalabu imodzi, amene anali ataluza kale katatu ndipo tsopano ntchito yake inali kuyendayenda ndi nkhani. "Mwagwa m'manja mwa Mayi Halo."

"Mayi Halo ndiye ndani?"

"Simunawaone chifukwa masiku awiriwa amasewera kungodya uko, pafupi ndi chipinda chosungira mipando. Saona. Anagwira ntchito yolumikiza mafoni pa chipatala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lonse halo, halo. Dzulo anandimeta ine mpala wopanda madzi."

"Iweyo ngakhale mphaka angakumete," anatero Wozula, onse n'kuseka.

Woyimbira mpikisano anali atakokera tebulo lachiwiri pambali pang'ono, pafupi ndi masitepe a pulatifomu, kuti mawu asasokoneze ena. Mayi Halo anafika atagwira chigongono cha mlamu wawo, mayi wonenepa wonyamula chikwama cha ulusi ndi singano zolukira. Mayi Halowo anali aafupi, a imvi za apo ndi apo, atavala juzi yobiriwira yotha m'zigongono. Anakhala pansi, n'kutulutsa m'thumba kabolodi kawokawo ka thabwa. Timabokosi take takuda tinali totukuka pang'ono, ndipo kabokosi kalikonse kanali ndi bowo pakati. Zidole zinali ndi timiyendo tolowa m'mabowomo, ndipo zakuda zinali ndi kamsomali pamutu kuti chala chizizindikire.

"Adokotala, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti mumazula osabaya jakisoni."

"Amangondinamizira, mayi. Ndadzuka bwino, kaya inu?"

Woyimbira anafotokoza malamulo mwachidule. Aliyense akasuntha, anene mokweza, mnzakeyo abwereze. Mayi Halo aziseweretsa kabolodi kawo, ndipo Wozula azisuntha zidole za mbali zonse ziwiri pa bolodi lalikulu, zake ndi za mayiwo. Alamu aja ntchito yawo inali kudina wotchi ndi kuwerenga nthawi akafunsidwa, basi.

"Chinanso, adokotala," anatero Mayi Halo. "Zilembozi zimafanana m'khutu. Ndiye tizitere: b wa buledi, f wa foni, g wa galu, h wa hatchi. Nanga d?"

"Wa dokotala?"

"Ayi, wa dzino. Kuti mumve ngati muli kuntchito."

Anayamba. Mawu a mayiwo anali otsika koma omveka bwino, mawu a munthu amene wakhala moyo wake wonse akunena manambala kwa anthu ofulumira. Akanena, Wozula ankabwereza, n'kunyamula chidole choyera kuchiika pamene auza. Poyamba zinkamuvuta. Dzanja lake silinazolowere kugwira zida za mdani. Akasuntha, mayiwo ankaboola kapepala kolimba ndi kachitsulo, tho tho tho, kulemba m'zilembo za anthu osaona, kenako zala khumi zinkabwerera pa kabolodi kaja. Wozula anapezeka akuyang'ana zalazo kuposa bolodi lake. Zinkayenda pamwamba pa zidole mopepuka ngati akangaude, kukhudza mutu wa kavalo, kutsetsereka m'njira ya bishopu, kuima, kubwerera.

Komabe masewera ake ankawadziwa. Patapita ola limodzi anapeza chimene ankafuna: kumbali ya mfumukazi, asilikali awiri oyera anali atatsala opanda wowateteza. Anayamba kugwedeza. Anatumiza kavalo wake kumeneko, kenako mfumukazi. Mayi Halo m'malo moteteza anakweza nsanja yawo timabokosi tiwiri, n'kuisiya pa mzere wachitatu ngati munthu amene wayiwala katundu panjira. Wozula anadya msilikali woyamba. Mayiwo anabweretsa mfumukazi yawo moyang'anana ndi mfumu yake.

Apa Wozula anakhala mphindi makumi awiri osasuntha. Sanali mwana. Anaona bwinobwino kuti mayiwo akhoza kupereka mfumukazi yawo nsembe, kuiponya pa msilikali wa kutsogolo kwa mfumu yake. Anawerenga mosamala monga amawerengera mizu ya dzino pa chithunzi. Akadya mfumukaziyo, kavalo adzalumpha ndi cheki, kuopseza mfumu. Mfumu idzatuluka. Nsanja ija idzabwera ndi cheki china. Mfumu idzapita m'mphepete mwa bolodi. Kenako? Kenako macheki atha. Iye adzakhala ndi mfumukazi, mayiwo alibe, ndipo masewera adzakhala ake. Anabwereza kuwerengako katatu, mayankho n'kukhala omwewo. Anatambasula dzanja, n'kudya msilikali wachiwiri ndi mfumukazi yake, kutali kungodya ya bolodi.

Mayi Halo anabwereza mawu ake, anachotsa kamsilikali kawo m'bowo, n'kukaika m'thumba. "Alamu, nthawi?"

"Mwatsala ndi mphindi makumi atatu ndi zisanu," anayankha alamuwo, maso ali pa zoluka zawo.

Zitatero Wozula anaona chinthu chimene sanachionepo. Mayiwo anachotsa manja onse pa kabolodi, n'kuwapinda pamiyendo. Anatsamira mpando, nkhope itapenya kudenga kumene mafani ankazungulira, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Sanakhudzenso chidole. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Wozula anayang'ana bolodi lake, lalikulu, lowala, chilichonse chili poyera, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti kodi mayiwa akuyang'ana bolodi liti, ndipo lili kuti.

"Mfumukazi idye pa g wa galu, seveni. Cheki."

Mawuwa anawanena ngati akupereka nambala ya wodi ya ana. Wozula anabwereza, mawu ake akumveka achilendo m'makutu mwake. Ndi dzanja lake lomwe ananyamula mfumukazi yoyera, anachotsa msilikali wake, n'kuiika pamaso pa mfumu yake. Kenako anaidya, poti panalibe kuchitira mwina.

Nkhani ya mfumukazi yoperekedwa imayenda m'holo ya chesi popanda woinena. Wina amene ankapita kukamwa madzi anaima. Wina anaimirira pa tebulo lake kusuzumira. Posakhalitsa anthu oposa makumi awiri anali atazinga tebulo lachiwiri, manja kumbuyo, woyimbira akuwakankhira kumbuyo ndi manja osatulutsa mawu. Wamagetsi anali kutsogolo, kukamwa kuli yasa.

"Kavalo pa f wa foni, faifi. Cheki."

Kavaloyo polumpha anatsekula njira ya bishopu amene anakhala phee kumbuyo kuyambira pachiyambi, ndiye cheki chinali cha pawiri. Kubwerera m'nyumba kunali kufa pompo, zimenezo Wozula anali ataziona kale. Mfumu yake inatuluka panja.

"Nsanja pa g wa galu, fili. Cheki."

Nsanja yoyiwalika ija. Mfumu inasunthira m'mphepete. Zonse zinkayenda monga mmene iye anawerengera, ndipo mtima umene unali utakwera unayamba kutsika. Anapuma mozama. Macheki enieni anali atatha. Anayang'ana mfumukazi yoyera ili gone pambali pa wotchi, n'kuyamba kuganiza za njira yobwezera mfumukazi yake kunyumba.

Manja a Mayi Halo anali akadali pamiyendo. Zidole za pa kabolodi kawo ankazisuntha pambuyo, atanena kale, ngati munthu wokonza m'nyumba alendo atapita.

"Bishopu pa f wa foni, sikisi."

Sananene cheki. Panalibe cheki. Panalibe chodyedwa. Wozula anabwereza, n'kunyamula bishopu woyera, kumuyendetsa timabokosi tinayi, n'kumuika pa kabokosi kopanda kanthu. Chala chake chisanachoke pamutu pa bishopuyo, anaona.

Anaona zonse nthawi imodzi, monga mmene chipinda chimaonekera wina akayatsa getsi. Mfumu yake inalibe kopita, ndipo nsanja inali pafupi kutsika kudzaimaliza. Akatseka ndi msilikali, msilikaliyo adzatseka khomo lomaliza la mfumu yake yomwe, ndipo kavalo adzapha. Akabweretsa nsanja yake kudzathandiza, nsanja yoyera idzapatukira m'mphepete, ndipo mfumu ikathawira kumtunda ifa, ikathawira kumunsi ifanso. Anafufuza njira yachinayi, yachisanu. Mfumukazi yake, chida champhamvu kuposa zonse pa bolodi, inali kungodya kuja itakhuta asilikali awiri, yosatha kuchita kanthu. Unali ulendo wake wosuntha, anali ndi mphindi makumi anayi, anali ndi zida zochuluka, ndipo panalibe chilichonse padziko chimene akanachita.

Anayembekezera kuti amva mkwiyo, chifukwa ankadzidziwa: akaluza ankakhala masiku awiri osalankhula bwino ndi anthu. Koma mkwiyo sunabwere. M'malo mwake tsitsi linamuyimirira. Anayang'ana zidole zinayi zoyerazo, kavalo, bishopu, nsanja ndi kamsilikali kamodzi kogwirira kavalo kumbuyo, chilichonse chili pamalo pake penipeni, palibe chotsala, palibe chosowa. Zaka makumi atatu akusewera, zinthu zotere ankangoziona m'mabuku, zochitidwa ndi anthu akufa kale a maina ovuta kutchula. Lero zinali pa tebulo la pulasitiki, ndipo anaziyala yekha ndi dzanja lake, mouzidwa ndi mayi wa juzi yotha m'zigongono amene sanaonepo bolodi la chesi chibadwire.

Anakweza maso. Anthu ozungulira anali chete, ena milomo ikuwerenga. Mphunzitsi wina wa mapointi ochuluka kuposa onse, amene anasiya masewera ake pa tebulo loyamba, anagwira mutu ndi manja awiri, n'kuugwedeza pang'onopang'ono. Alamu aja okha ndi amene ankapitiriza kuluka.

Mwambo wa osewera akuluakulu ndi kugonja zinthu zikafika apa, kugoneka mfumu n'kupereka dzanja. Wozula anafikitsa dzanja pa mfumu yake, koma analibweza. Anaona kuti kugonja pano kukanakhala ngati kuzimitsa wailesi nyimbo isanathe. Anasankha imfa imene inamukongolera kwambiri.

"Msilikali pa h wa hatchi, sikisi," anatero.

Mayi Halo anabwereza. Kankhope kawo kanasintha pang'ono, ngati munthu amene walandira mphatso imene sanaiyembekezere.

"Zikomo, adokotala," ananong'ona. Kenako mokweza: "Kavalo pa g wa galu, seveni. Yafa."

Wozula ananyamula kavalo woyera n'kumuika pamalopo mosamala. M'holo ya chesi saombera m'manja ena akusewera, koma wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo ena anatsatira. Woyimbira anakweza dzanja kuti aletse, koma analisiya m'mwamba kanthawi asananene kuti, "Chonde, chonde, masewera akupitirira."

Mayiwo anatambasula dzanja m'malere, Wozula n'kulipeza ndi manja ake awiri.

"Zatha?" anafunsa alamu aja, akulowetsa ulusi m'chikwama. "Wapambana ndani?"

Anatuluka onse kupita m'kalasi ina imene inapatulidwa kuti osewera azikambirana masewera awo. Munali madesiki okandikakandika ndi bolodi lakuda lolembedwa masamu a sabata yatha. Anthu anawatsatira, Wamagetsi akufotokozera aliyense kuti iye anaziona zonse kuyambira kale, pamene aliyense ankadziwa kuti akunama. Mayi Halo anatulutsa lalanje m'thumba n'kuyamba kusenda.

"Mayi, ndifunse," anatero Wozula atakhala pa desiki yaing'ono, mawondo akugunda thabwa. "Bishopu uja munamuona liti?"

"Pamene ndinkakweza nsanja."

Wozula anawerenga pa pepala lake. Kuchokera pa nsanja kufika pa bishopu panali maulendo asanu.

"Sindinaone zonse ayi, ndisakunamizeni," anapitiriza mayiwo. "Ndinangomva kuti kabokosi kaja kali ndi njala. Zenizeni ndinaziwerenga mutadya msilikali wachiwiri. Mukanapanda kumudya, mukanakankha msilikali wa pa galu uja kabokosi kamodzi, bwenzi pano ndikulira ine. Koma ndinamva mmene munadyera woyamba. Chidole munachiika pansi mokoma, ngati munthu woika supuni atalawa. Ndinati, awa abweranso."

Anthu anaseka, Wozula naye anaseka mpaka misozi.

"Nanga manja munachotseranji pa bolodi?"

"Zala zimachedwa, adokotala. Zimandiuza pamene zidole zili. Ine ndimafuna pamene zidzakhale." Anaika kachigawo ka lalanje m'kamwa. "Komanso kabolodi aka ndinakapeza mochedwa. Anandiphunzitsa chesi ndi bambo wina wa ku chipinda cha mankhwala pa chipatala pathu. Ankaimba kuti ndimulumikize ku wodi, ndiye podikira ankanena ulendo wake umodzi, ine n'kuyankha akaimbanso. Masewera amodzi ankatha sabata ziwiri. Zaka zisanu ndi ziwiri tinkasewera choncho, ine ndilibe bolodi, ndili ndi manambala mazana atatu a mafoni m'mutu ndi zidole makumi atatu ndi ziwiri pambali pake. Atapuma pa ntchito ndi pamene anandisemetsera aka kwa kalipentala."

"Iyeyo ankapambana?"

"Zaka ziwiri zoyamba."

Mphunzitsi wa pa tebulo loyamba uja analowa, atamaliza masewera ake mofulumira, n'kupempha kuti amuonetse kuyambira pachiyambi. Mayi Halo anapukuta zala pa mpango, n'kunena masewera onse pamtima, ulendo ndi ulendo, a iwo ndi a Wozula omwe, osakhudza kapepala kawo. Pena ankaima n'kunena kuti, "Apa adokotala anaganiza nthawi yaitali, mpando unalira kawiri." Wozula ankasuntha zidole pa bolodi kuti anthu aone, ndipo atafikanso pa bishopu uja, m'kalasimo munakhalanso zii ngati sanazione kale.

Masana, pa ndime yomaliza, Mayi Halo anakumana ndi mphunzitsiyo pa tebulo loyamba. Analimbana maola anayi, ndipo kumapeto mayiwo atatopa anataya kavalo mwa kulakwitsa wamba, n'kugonja akuseka okha. Anathera pa nambala yachinayi. Wozula anapambana masewera ake omaliza mwa njira yake yakale, msilikali mmodzimmodzi, koma pambuyo pake sankakumbukira n'komwe mmene anayendera.

Dzuwa likulowa Wozula anatenga foni yake m'katoni muja n'kutuluka panja. Pa geti la sukulu anaona Mayi Halo ndi alamu awo akukangana za basi yoti akwere, wina akuti ya kumsika, wina akuti imeneyo imazungulira. Anawapempha kuti awaperekeze pa galimoto, koma anakana, ati mwana wa alamuwo akuwadikira pa siteji. Anawayang'ana mpaka anakhota pa ngodya ya mpanda.

Foni inalira. Anali akazi ake.

"Bambo a mwana, zayenda bwanji? Chikho chikubwera?"

"Ayi, mayi. Ndinaluza m'mawa."

Akazi akewo ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo pa nyumba pawo.

"Pepani. Ndiwauze ana asakusokoseni?"

"Ayi, ayi, asachoke. Auzeni achotse mabuku awo pa tebulo, ayale bolodi. Inunso mukhalepo. Ndikufuna ndikuonetseni chinthu."

"Ine chesi ndimaidziwira kuti?"

"Palibe kanthu, ndikufotokozerani pang'onopang'ono."

"Koma mwati mwaluza?"

"Kwambiri," anatero Wozula, akufufuza makiyi m'thumba. "Dikirani mudzaone mmene ndaluzira."